Mphini za Anjelina Zinatsalira pa Duku

Panali munthu wina kwathu kuno ku Golomoti, mtsikana dzina lake Anjelina. Amene anandiuza nkhaniyi analipo, ndipo akulumbira kuti ndi yoona. Zinachitika itatha njala ya fote naini, anthu atayambanso kunenepa ndi kuvina.

Anjelina anali wokongola, koma lumo ankaliopa ngati njoka. Anzake onse anali atatemetsa mphini m'masaya, iye yekha nkhope ili see ngati chikho chatsopano. Tsono mnyamata wina wa ku Mtakataka, Bizeki, anamufunsira. Amayi ake a mnyamatayo, a Naomi, anatumiza mawu kuti adzabwera kudzamuona mtsikanayo pa chimtali cha m'mudzimo. Ndiye kunamveka mphekesera yoti mayiwo safuna mpongozi wamantha.

Azakhali ake a Anjelina, a Katerina, ndiwo ankatema mphini atsikana a m'mudzimo. Anamuitana.

"Bwera ndikuteme, mwana iwe. Lumo, makala, mafuta a nsatsi, basi. Ulira pang'ono, zipola. Ngati sufuna, pita nayo choncho nkhope yakoyo, si mlandu. Koma usakafune zachidule."

"Mawa, azakhali."

Mawa lakelo silinafike.

Chimtali chitayandikira, Anjelina anapita kusiteshoni kukagulitsa nthochi. M'sitima munatsika bambo wina wa chipewa ndi kasutikesi, akukuwa: "Mphini zamakono! Za ku Joni! Zopanda lumo, zopanda magazi!"

Anjelina anasendera. "Sizipweteka, bambo?"

"Olo pang'ono, chemwali."

"Nanga sizifufutika?"

"Mudzapita nazo kumanda. Kungoti musasambe kumaso mpaka zikhwime."

Bamboyo anatulutsa kapensulo, n'kukanyambita kunsonga, n'kumulemba timizere tokongola m'masaya monse ndi pachipumi. Ananyamula dengu lonse la nthochi ngati malipiro ake, sitima n'kumapita naye. Anjelina sanadziwe kuti kanali kapensulo kaja amalembera akalaliki kumsika wa thonje, kamene kakanyowa kamasungunuka n'kuoneka ngati khungu la bilinganya.

Kumudzi anafika akunyada. "Ndatemetsa kwa katswiri, ndipo sindinagwetse msozi!"

A Katerina anamuyang'ana chammbali. "Mphini zotema lero, lero lomwe zapola? Zosatupa n'komwe? Bwera ndikhudze."

"Ayi azakhali, zisanakhwime sakhudza."

"Chabwino. Tikaonera kubwalo."

Tsiku la chimtali linafika. Dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno mukulidziwa, ngakhale mbuzi imafuna mthunzi. Ng'oma zitalira, Anjelina analowa m'bwalo, ndipo kunena zoona, mwanayo ankavina! Chiuno ngati chilibe fupa. Thukuta linayamba kuyenderera. A Naomi mtima unawadyoka ndi chimwemwe. Analulutira, analowa m'bwalo, anavula duku lawo loyera latsopano, n'kumupukuta nalo kumaso mpongozi wawoyo.

Anangopukuta kamodzi. Mphini zonse zinasamukira pa duku. Nkhope ya Anjelina inangoti bii ngati bilinganya, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano.

Ng'oma zinaleka.

A Naomi anayang'ana duku, anayang'ana mtsikana, anayang'ananso duku. Kenaka anafunsa mofatsa: "Mwana wanga, mphini zakozi ndipite nazo ku Mtakataka, kapena ndikubwezere?"

Mayo ine, kuseka kwake! Woimba ng'oma anagwa chagada. A Katerina anachita kugwira mtengo. Anzake a Anjelina ankamunong'oneza kuti athawire m'chinangwa, koma iye sanathawe. Anagwada pomwepo, misozi ikusakanikirana ndi utoto.

"Amayi, ndinanama. Ndinaopa lumo. Ndinapereka nthochi zanga kwa munthu wa m'sitima."

A Naomi anamugwira dzanja n'kumudzutsa. "Wogwada pakati pa khamu lonseli n'kunena zoona ameneyo si wamantha. Lumo n'laling'ono pamenepa. Ukwati ulipo. Koma dukuli ukachapa ndiwe."

Nthungululu zinabuka, ng'oma n'kuyambiranso, Anjelina n'kuvina ndi nkhope yake yomweyo mpaka fumbi koboo!

Duku lija analichapa ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, koma silinayere. Tsiku la ukwati a Naomi anavala lomwelo, n'kumauza aliyense: "Mpongozi wanga mphini ali nazo, kungoti ndikumusungira ndine." Anjelina sanatemetsenso. Lero ali ndi ana ake, ndipo Bizeki akafuna kumuseketsa amangoitana kuti, "A Nabilinganya, madzi osamba aja bwanji?"

Phunziro: Ukafuna mphini, pirira lumo. Ukaliopa, yenda ndi nkhope imene anakubereka nayo amayi ako, ilibe mlandu. Koma za munthu wotsika m'sitima amene sudziwa kwawo, thukuta lako lomwe lidzakuulula, ndipo si apongozi onse amaseka ngati a Naomi. Mukamva, kauzeni atsikana anu ndi anzanu kuchitsime, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.