Nkhope Yosafunsa Mwini

Mtima wa Sisitere Eduviges unkagunda ndi chimwemwe. Atapemphera zaka zisanu ndi ziwiri m'Chipani cha Nkhope Zobwereka, lero akuluakulu a chipanicho anamutuma ntchito yake yoyamba: kukapha Don Casimiro, mwini minda ya nzimbe, amene anatentha mudzi wa antchito ake.

Lamulo la chipani n'loti uzivala nkhope ya munthu wakufa, koma uyambe wafunsa dzina la mwini wake. Eduviges ndi phuma anangotola ya gogo wina mumtsuko wa paguwa, n'kuivala, ulendo.

Masana a Tsiku la Akufa kumanda kunali anthu piringupiringu. Anadutsa pakati pawo, mpeni ataubisa m'maluwa achikasu. Casimiro uyo, akuika buledi pamanda, alonda asanu atamuzinga.

Mlonda wina anacheuka. "Mayo ine! Bwana, si mayi anu awa? Tinawaika tokha chaka chatha!"

Mfuti pansi, onse liwiro la mtondo wadooka.

Casimiro anagwada, misozi ili chuchuchu. "Amayi, mwabweradi?"

Eduviges anatambasula manja, akudziletsa kuseka.

"Bwera kuno, mwana wanga. Kwathuko akukudikira ambiri."