Kasitima Kolendewera Kudenga

Birthe, wosamalira tchalitchi chakale cha Lutheran mumzinda wa m'mbali mwa nyanja wa Aalborg, anali atavula kale nsapato pamene anakumbukira kuti sanazimitse makandulo a kuguwa.

"Bambo a Troels, tandiperekezani," Birthe anapempha mwamuna wake.

"Miyendo yakana, mayi. Zaka zonsezi mwayamba liti kuopa tchalitchi chanu chomwe?"

Anapita yekha akudzikoka. Pakati pa zipilala zanjerwa pankalendewera kasitima kamatabwa kamene amalinyero anapachika kalekale pothokoza Mulungu. Chipachikireni, mphuno yake inkaloza kuguwa. Usiku umenewo inaloza kukhomo.

Dontho linamugwera pamlomo. Linali lamchere.

"Denga ili layambanso kudontha," anang'ung'udza motero, ngakhale kunja kunali nyenyezi zokhazokha.

Anatenga kandulo, n'kukwera pabenchi kuti aone bwino. Kasitimako ankakapukuta fumbi ndi manja ake chaka ndi chaka, ndipo ankadziwa kuti mulibe munthu. Koma m'kasitimamo, chakumbuyo, munaima kamunthu kochepa ngati chala, katavala chipewa chofiira chimene iye analukira mwana wake Troels asanapite kunyanja.

Kanali katakweza dzanja ngati kakutsanzika.