Vidiyo ya Umaru Pachulu

Ana inu, womwalira safunidwa kutada.

Gogo Anisa anali atatopa nayo foni. Mwana wawo Umaru anakwiririka mumgodi, mtembo osatuluka kuti usambitsidwe. Chinatsala ndi vidiyo yake pa intaneti, nayonso inkangodukaduka.

"Netiweki imagwira pachulu, kuseri kwa mudzi wa Maglas," anatero mdzukulu wawo Nadia. "Koma musachedwe, gogo."

Gogo anakwera chulucho mokoka miyendo, mawondo akuwawa. Pamwambapo vidiyo inayenda bwinobwino. Umaru anaseka, nkutsokomola chifuwa chake cha fumbi chija. Kenako chithunzi chinaimanso, kampira kakungozungulira pankhope pake.

Koma chifuwacho sichinaime. Chinkamveka kumbuyo kwawo, pafupi ndi khutu.

"Amayi," anatero mawu otopa, "mwabweranso opanda madzi?"