Masitepe Anali pa Malo a Eni

Panali mayi wina, namwino wopuma pa ntchito, amene anafuna kugula kanyumba kosanja ka mafulati anayi, awiri pansi awiri m'mwamba, kuti lendi izimudyetsa mu ukalamba. Ndalama yake yonse ya penshoni inali yomweyo, kumbuyo kunalibe kanthu.

Ejenti amene ankagulitsa nyumbayo anali munthu wovuta. Foni ankayankha akafuna, mwini nyumba ankamubisa ngati mankhwala, ndipo ukamufunsa funso ankayang'ana wotchi.

Mlamu wake wa mayiyu, mmisiri womanga, atapita nawo kukaona anaima nthawi yaitali pa masitepe akunja okwerera m'mwamba.

"Alamu, masitepewa atulukira kwambiri. Tiitane woyeza malo atisonyeze malire, musanasaine."

Ejenti anaseka. "Bambo, mwabwera kudzagula kapena kudzayeza? Mawa kukubwera wina, ndalama ili m'manja. Mayi, mukachedwa musadzandilirire."

Mayi uja anasowa chochita. Kusaina ankaopa, kusiya ankaopanso kuti nyumba imupita. M'mawa mwake anakasaina yekha, mlamu osamuuza.

Patangotha milungu itatu, mtsikana wochita lendi m'mwamba anaimba foni.

"Amayi, bwerani msanga! Kwatsitsidwa njerwa pa masitepe."

Atafika anapeza mkulu wa nyumba yoyandikana nayo akukokera amisiri ake chingwe cha malire. Chingwecho chinadutsa pakati pa khoma la nyumba ndi masitepe.

"Pepani mayi," anatero mkuluyo, mapepala a malo ali m'manja. "Mwini wake wakale wa nyumbayi ndi mng'ono wanga. Masitepewa ndinangomulola kumanga pa malo anga, pachibale. Inu ndi ine palibe chibale. Lolemba mpanda ukwera."

Mayi anayang'ana m'mwamba. Mtsikana uja anali pakhonde, mimba ya miyezi isanu ndi itatu, atagwira chitsulo chotchinga khondelo.

Mayi anaimbira ejenti kasanu osayankhidwa. Kachisanu ndi chimodzi ejenti anayankha, akutafuna kanthu.

"Nanga anthu anga am'mwamba azikwera bwanji?"

"Mayi, werenganinso pepala lanu. Ine ndinakugulitsani nyumba. Za njira simunandifunse."

Phunziro: Ejenti akamakuthamangitsani, dziwani kuti pali chimene sakufuna muone. Musanasaine, onanani ndi mwini nyumba, chezani ndi oyandikana nawo, ndipo malire akusonyezeni woyeza malo, osati wogulitsa. Safunsa anadya phula. Nkhaniyi tumizirani abale anu onse, makamaka amene penshoni yawo yatsala pang'ono kutuluka.