Mwana wa pa Khadi la Eni

Panali munthu wina kuno ku Java, dzina lake Darmaji, wogulitsa tempe, chakudya chopangidwa ndi soya, pa njinga yamoto. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mlamu wake wa munthu amene amamumeta tsitsi. Darmaji anali ndi mwana mmodzi yekha, Ratri, mtsikana wanzeru moti aphunzitsi akalemba samu pabolodi ankayamba ayang'ana nkhope yake kuti adziwe ngati akhoza.

Tsono boma linali litaika zonse mu kompyuta. Malo a kusekondale sankapemphedwanso kwa ahedi nkhuku ili kukhwapa ayi. Kompyuta inkangoona khadi la banja, pamene pamalembedwa onse a nyumba imodzi, n'kuyeza mamita kuchoka pakhomo panu kukafika pageti la sukulu. Wapafupi walowa, wakutali pepani. Darmaji ankakhala kuseri kwa minda ya mpunga, makilomita khumi ndi awiri.

Tsiku lina panja pa ofesi ya makadi anakumana ndi dobadoba wovala jekete lonyezimira.

"Pak, nkhope ngati mwafedwa bwanji?" anatero dobadobayo, paja kuno bambo amati Pak, mayi amati Bu. "Mwanayo timusamutse papepala basi. Kuli Pak Hartoyo ndi akazi awo, nyumba yawo ili pafupi ndi sukulu moti akayetsemula ahedi amati pepani. Alibe mwana. Timulemba pakhadi lawo, koma azigona kwanu konko."

Darmaji atafika kunyumba n'kufotokoza, mkazi wake Sumirah anakana.

"Bambo a Ratri, mwana si njinga yoti n'kubwereketsa. Kale mapepala ankadyedwa ndi chiswe, bodza n'kufera pomwepo. Kompyuta ilibe chiswe."

"Aaa Bu, za kompyuta mwazidziwira kuti inu? Foni yomweyi mumaigwira chadodolido."

Mawa lake Ratri anachotsedwa pakhadi la bambo ake. Kompyuta inayeza, inapeza mamita makumi anayi, mwana n'kulowa sukulu. Darmaji anagawa tempe yaulere msewu wonse.

Koma chimene dobadoba sananene n'chakuti mndandanda wa ana osankhidwa unkaikidwa poyera pa intaneti: dzina, keyala, mamita, zonse. Amayi amene ana awo anatsala ankauwerenga ngati akusankha timiyala mumpunga. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo.

"Ratri wa mamita makumi anayi uja ndi wa nyumba ino? Nanga nsapato zake pakhomo pano zili kuti? Kapena amayenda m'malere?"

Sabata yomweyo ana awiri a makeyala abodza anachotsedwa sukulu. Darmaji anaimbira dobadoba, foni yozima. Panalibe kuchitira mwina, anamanga kachikwama ka mwana wake pa njinga n'kukamusiya kwa a Hartoyo.

"Mwezi umodzi wokha, mwanangu, anthuwa akatopa ubwera."

Anthu aja sanatope. Mwezi unasanduka chaka, chaka chinabala zinzake ziwiri.

Darmaji anasintha njira yake yogulitsira, m'mawa uliwonse n'kumadutsa pageti la sukulu, kumene kunalibe ndi mmodzi yemwe wogula tempe. Kunena kuti "mwanangu" sakanatha, makutu anali ponseponse. Ankangokuwa kuti "Tempeee!" mokweza kuposa muyeso, ndipo Ratri ankakweza dzanja pang'ono ngati akukonza mpango wakumutu. Moni wawo unali womwewo. Kunyumba Sumirah ankatulutsabe mbale zitatu, kenaka n'kubweza imodzi.

Pa Idi, pamene ana amagwada pamaondo a makolo kupempha chikhululukiro, Ratri ankayamba wagwada kwa a Hartoyo, poti aneba ankayang'ana. Kwawo ankafika masana ndi makeke a m'tauni. Chaka chachitatu anaima pakhomo la khitchini n'kufunsa mayi ake omubala kuti, "Ndingalowe?"

Chowawa kwambiri chinali chakuti a Hartoyo sanali anthu oipa. Anamugulira magalasi a maso, akadwala ankamuchezera. Darmaji anasowa woti n'kumutukwana.

Ratri atangomaliza sukulu, Darmaji anavala malaya ake a batiki n'kuthamangira ku ofesi ija.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga. M'bwezereni pakhadi langa."

Mtsikana wa pawindo anagogoda kompyuta n'kumwetulira.

"Pak, izi n'zosavuta. Koma mwanayu ndi wamkulu tsopano, sitingamunyamule ngati thumba la soya. Tatumiza pempho pafoni yake. Akangodina kuti wavomera, wabwerera kwanu."

Darmaji anamuimbira ali pamasitepe pomwepo.

"Ndaliona, Bambo," anatero Ratri. "Ndidina. Koma tadikirani pang'ono, mafomu a kuyunivesite ali ndi keyala ya kuno. Ndiyenso Bu Hartoyo sakupeza bwino, akaona dzina langa lachoka pakhadi mwina... mukundimvetsa eti, Bambo?"

"Ndikumvetsa, mwanangu. Usafulumire."

Pano padutsa zaka zinayi. Ratri ali kutali mumzinda wa Bandung, amaimba foni Lamlungu akakumbukira. M'mawa uliwonse, asanakulunge tempe m'masamba a nthochi, Darmaji amapukuta manja, n'kutsegula foni kuti aone. Mawu ake ndi omwe aja: pempho likudikira yankho. Ndiye amapita nayo foniyo kwa mkazi wake, n'kumuonetsa.

"Sanakanetu, Bu. Taonani nokha. Sanakane."

Phunziro: Bodza limene mwauza kompyuta mudzalikwaniritsa ndi thupi lanu, chifukwa iyo siiwala, ndipo aneba amawerenga. Musamvere dobadoba n'kunyoza wa m'nyumba mwanu, ndipo mwana musamubwereketse ngakhale papepala. Tumizani kwa makolo onse amene ali m'foni mwanu, wina asanasainire chinthu mawa.