Ndani Anatentha Tchalitchi?

"Mungonena kuti Asilamu ndiwo anatentha tchalitchichi, aphunzitsi," anachonderera Harlan, mzungu wojambula filimu.

Otabek, amene anafukula bwinja la tchalitchicho kunja kwa mzinda wa Samarkand, anapukusa mutu. "Ndiname? Phulusa mwalionapo? Akhristu akalewo ankapempherabe muno Chisilamu chitakhazikika kale. Chinagwa ndi chivomezi."

"Zoterezo kwathu saonera."

Filimuyo itatuluka, Otabek anaitana abale onse kudzaonera. Nkhope inali yake, koma mawu achingerezi a munthu wina anaphimba ake. Mlongo wake anamasulira: "Akuti, makolo anga anatentha malo ano."

Bambo ake, oyitanira mapemphero kumzikiti, anaika tiyi pansi.

"Mwananga, sukulu yonse ija unkaphunzira kutinenera zimenezi?"