Chipewa cha Mawaya

Elube anatseka katani asanakhale pansi.

"Kuwalaku kumawapweteka m'maso," anauza a Susana, akuloza mwamuna wake ndi chibwano.

Yoswa anali atakhala kale pampando, manja pamaondo, kumutu atamuveka chipewa chakuda chomera mawaya ngati mizu ya anyezi. A Susana, mayi wodziwa za kuvulala kwa ubongo, ankabwera Lachinayi lililonse kuchokera ku Lilongwe ndi makina awo m'chikwama, n'kubwereka kachipinda kuseri kwa tchalitchi pa Dowa Boma. Chipewacho chimamvera zimene ubongo ukuchita. Wodwala amangoyang'ana kanema pa kompyuta. Ubongo ukadekha chithunzi chimawala, ukabalalika chimada. Pang'ono ndi pang'ono mutu umaphunzira wokha kudekha.

Zonsezi Elube anazimva, koma chikhulupiriro chake chinali chitatheratu.

Ngoziyo inachitika nthawi yokolola, pamtsetse wina wa kumapiri a Ntchisi. Mbuzi inadumphira mumsewu, njinga yamoto ya Yoswa n'kugubuduzika mpaka m'ngalande. Anthu anati mwayi wake munthuyo anali atavala helemeti. Za tsikulo Elube sankafuna kuzikumbukira, ndipo nazonso sizinkamubwerera n'komwe. Chimene ankadziwa n'chakuti kuchokera pamenepo Yoswa sanalinso Yoswa.

"Mayi, muzimva," anatero Elube, akusendera pafupi ndi a Susana. "Dzana mpeni ndaupeza m'thumba la ufa. Wauikamo ndani? Akuti sakudziwa. Ukawafunsa kanthu, akuti 'ndakuuzani kale.' Anandiuza liti? Ndiwo zikawawa mchere, amangondiyang'ana ngati ndathira kawiri ndine."

Ndipo sizinali zokhazo. Bambo amene kale ankadzuka ndi nyimbo, tsopano wailesi anaitsekera m'sutikesi. Ana anawatumiza kwa mlongo wake, ati akusokosa. Chidebe cha madzi anamuletsa Elube kusenza, n'kumamulondola mpaka kumjigo ngati mwamuna wansanje, amayi anzake akuseka m'zitenje. Njinga ija anaigulitsa motaya. Helemeti yokha ndiyo anaisiya, n'kuipachika m'chigafa cha fodya, ndipo kangapo konse Elube anamupeza ataima patsogolo pake akulira. Bambo wandevu zake, kulirira chipewa!

Zinkamupweteka Elube. Zinkamupweteka mpaka mutu, moti duku ankalimanga mothina kuti mitsempha ileke kugunda. Munthu ungasamale wodwala, koma wodwala wokana kuti akudwala amakudwalitsa iwe.

"Ine ndatopa," anatero Elube. "Ankhoswe ndawauza kale. Mvula ikagwa asanachire, ndikubwerera kwathu ku Bowe."

Yoswa anamva. Koma maso sanawachotse pa kompyuta. Pamenepo mbalame inkauluka pamwamba pa mapiri, chithunzi chili mbee, osada ngakhale pang'ono.

"Mwaonatu?" anatero Elube. "Pamaso pa alendo amadzionetsa abwinobwino. Ngakhale makina anuwa awapusitsa."

"Tisafulumire, mayi," anayankha a Susana modekha. "Mutu suchira ngati chilonda cha pamwendo."

Nthawi itakwana, a Susana anamuvula Yoswa chipewa chija. Iye anaimirira, napukuta mpando ndi dzanja, n'kuyamba pempho lake la sabata iliyonse kwa mkazi wake.

"Mayi a Hope, tavalani nanunso. Ndikavala ndekha ndimaoneka ngati wamisala."

Elube anausa moyo. Chipewa chimenechi anachida chichionereni, ndipo ananena poyera kuti iye sangavale zinthu za anthu ozungulira mutu. Koma malumbiro a kutchalitchi aja sanali a masiku abwino okhaokha. Ngati kuvala mawaya kukanachotsa manyazi a mwamuna wake, avala. Kakhale komaliza.

Anamasula duku. Tsitsi lake linali lisanamere bwino chimetereni. Anameta pamaliro a ndani kaya, nazonso zinali zitamuthawa. Ndi mavuto a pakhomo ngati amenewa, ungasunge zingati m'mutu?

Anakhala pampando. A Susana anamuveka chipewa mosamala, kenako anawerama kuseri kwa tebulo. Mbalame ija inayambanso kuuluka, koma isanapite patali chithunzi chinada bii. Chinawala pang'ono, n'kudanso.

"Ndi nkhawa zimene andipatsa bambowa," anatero Elube.

"Pumani pang'onopang'ono, mayi. Muiyang'ane mbalameyo basi."

Elube anapuma. Chithunzi chinayera, n'kukhala choyera kanthawi ndithu.

"Sabata yatha sichinafike apa," a Susana ananong'oneza Yoswa. "Koma bambo, tiyenera kuwauzanso zoona."

"Ndinayesa. Analira tsiku lonse, m'mawa mwake n'kundifunsa chimene chawatupitsa maso," anayankha Yoswa chapansipansi. "Bola azindida ine, koma azibwera."

Yoswa anayang'ana chingwe cha chipewacho. Nthawi yonse imene iye anakhala pampando chinali chili gone pansi, ndipo a Susana anali atangochilowetsa kumene m'makina. Kenako anayang'ana chipsera chachitali chotulukira pansi pa chipewa, kunkhongo kwa mkazi wake. Tsiku lija panjinga anali awiri, helemeti inali imodzi, ndipo monga mwa masiku onse, anavala ndi woyendetsa.